Kusamalira dimba ndi kapinga wa pakhomo popanda mankhwala a m'sitolo: momwe ndimachitira kuno ku Bembeke

Aliyense amene anaimapo pa Lizulu tsiku la msika amadziwa kuti kabichi, tomato, mbatatesi, karoti ndi anyezi zimene amadya anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre zambiri zimachokera m'mapiri athu ano a Dedza ndi Ntcheu. Chimene ogulawo saona ndi mabotolo a mankhwala amene ali mbwee m'mphepete mwa madimba, ndiponso ndalama zimene mlimi amatsanulira mu feteleza chaka ndi chaka pamene nthaka ikunka niwuma ngati njerwa. Ine ndili ndi kadimba kumunsi kwa nyumba, mabedi khumi ndi awiri, ndi kabwalo ka kapinga kutsogolo. Ndinasiya kugula mankhwala a ndiwo zamasamba osati chifukwa cha nzeru zambiri ayi, koma thumba ndi limene linakana. Zimene ndalemba panozi ndi ndondomeko imene ndimatsata kuyambira pokolola mpaka pokolola penanso.

Choyamba: yambani mu Epulo ndi Meyi, ndi mulu wa manyowa

Anthu ambiri amayamba kuganiza za dimba lopanda mankhwala tsiku limene aona mbozi pa kabichi. Pamenepo ndiye kuti achedwa ndi miyezi inayi. Ntchito imayambira pa mapesi amene anzathu amawayatsa moto akangokolola, ana akusaka mbewa. Mapesi amenewo, masangwi a nyemba ndi a soya, udzu, masamba a deliya amene angomera okha m'mbali mwa msewu, ndowe, zitosi ndi phulusa la kukhitchini, zonsezi ndi chakudya cha nthaka.

Sankhani malo a mthunzi, pafupi ndi madzi, chifukwa mulu wa manyowa umamwa madzi ngati ng'ombe. Yesani mita imodzi ndi theka m'lifupi, m'litali monga momwe zipangizo zanu zachulukira. Pansi penipeni yalani timitengo kapena mapesi osadula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani mapesi oduladula ndi chikwanje, kuchindikala kwake ngati kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja, ndipo muwanyowetse bwino. Kenako masamba aawisi, theka la muyeso umenewo. Kenako ndowe kapena zitosi, zokwanira kungobisa masambawo. Wazani phulusa pang'ono ngati mukuthira mchere m'ndiwo, ndi dothi lakuda la pamwamba manja angapo. Thirani madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chifuwa mwanu, ndiye muufunditse udzu kapena masamba a nthochi.

Musanamalize, zikani ndodo yaitali pakati pa muluwo. Ndodo imeneyi ndiye dokotala wanu. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire. Ikakhala yotentha ndi yonyowa, zinthu zili bwino. Ikakhala yozizira, ndiye kuti masamba aawisi kapena ndowe zachepa. Ikatuluka youma ndi nkhungu yoyera, mulu uli ndi ludzu. Ukamanunkha chivundi, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa, uphwasuleni muwonjezere mapesi ouma. Muyeso wa madzi ndi wosavuta: tapani manyowa m'dzanja mufinye, patuluke dontho limodzi kapena awiri basi.

Tembenuzani mulu pakatha milungu itatu iliyonse, za kunja zipite m'kati, za m'kati zibwere kunja. Alangizi amaphunzitsa njira zingapo, ya changu yotembenuza pafupipafupi, ya chimato yomata mulu ndi dothi, ndi ya m'dzenje. Kuno kwathu ine ndimakonda kumata mu Juni ndi Julayi chifukwa chisanu chathu chimazimitsa mulu wosamata, ndipo nkhuku sizifukula. Koma musayembekeze zimene amanena a kumadera otentha, zoti miyezi iwiri manyowa apsa. Ku Golomoti kapena ku Mtakataka mwina zitheka. Kuno pamwamba werengerani miyezi itatu kapena inayi. Manyowa akupsa amakhala akuda, oyoyoka m'manja, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo simungalozenso kuti ichi chinali phesi.

Apa ndiulule cholakwa changa. Chaka choyamba ndinapalira m'mphepete mwa dimba, ndipo zonse zimene khasu linazula ndinakaponya pa mulu, kuphatikizapo dawe ndi timbatata take tija, ndi mizu ya kapinga. Mulu wanga sunatenthe mokwanira. Nditamwaza manyowa m'mabedi, ndinali nditadzala dawe dimba lonse ndi manja anga omwe. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndimuchepetse. Choncho dawe, mizu ya kapinga, khovani, udzu umene wabereka kale njere ndi mbewu zodwala zisapite pa mulu. Ziyanikeni pa thanthwe kapena pa lata lakale mpaka ziume gwa, kenako muziotche.

Za manyowa a Mbeya, amene afala kwambiri masiku ano ndipo amapsa m'masiku 21 m'thumba, ndinene kuti amathandiza kutambasula feteleza wochepa, koma m'kati mwake mumalowa feteleza wa m'sitolo. Amene akufuna kusiyiratu feteleza adziwe zimenezi.

Chachiwiri: konzani bedi, ndipo mukakonza musalipondenso

Minda yathu yambiri ili pamtsetse. Manyowa amene mwavutikira miyezi inayi akhoza kupita onse ku mtsinje ndi mvula imodzi ya mu Januwale. Mabedi agone mopingasa mtsetse, ndipo kumtunda kwake kukhale mzere wa udzu wa vetiva kapena mgula wopatutsa madzi. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati muli m'kanjira. M'dzinja litukuleni kuti madzi asadikhe, m'chilimwe likhale lotsika kuti lisunge chinyezi.

Pa malo a mita imodzi mbali zonse ine ndimathira ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa akupsa chaka choyamba, ndipo ndimasakaniza ndi dothi la pamwamba lokha, osakwirira pansi kwambiri. Zaka zotsatira theka la ndowa limakwana. Ndowe zaziwisi ndi zitosi za nkhuku zongotola m'khola musaike pa mbande, zimawotcha mizu, ndiponso pa ndiwo zimene ana amadya zosaphika monga karoti ndi tomato zimabweretsa matenda a m'mimba.

Nthaka yofiira ya m'mapiri muno nthawi zambiri imakhala ya asidi. Phulusa limathandiza kuchepetsa asidiyo ndipo limapatsa mbewu potaziyamu, koma manja awiri pa mita imodzi ndi okwanira pa chaka. Pa bedi la mbatatesi musathire phulusa lambiri chifukwa limalimbikitsa nkhanambo pa khungu la mbatatesi. Pa bedi la kabichi ndiye lithandiza, makamaka pamene munaonapo mizu ya kabichi itatupa ngati zala zodwala.

Chachitatu: phimbirani

Mbande zikangogwira, yalani udzu wouma wopanda njere pa bedi lonse, kuchindikala ngati zala zinayi, koma usakhudze tsinde. Iyi ndi ntchito ya ola limodzi imene imakupulumutsani ku makeni ambirimbiri a madzi mu Okutobala, ndiponso njere za udzu zikasowa dzuwa sizimera. Pakatha mwezi vundukulani pang'ono muone: dothi lakuda, lonyowa, nyongolotsi zikuthawa kuwala. Ena amaopa chiswe. Zimene ndaona ine n'zakuti chiswe chikapeza udzu wouma chimatangwanika ndi udzuwo, chimalusira mbewu pamene nthaka ili mbee ndipo mbewuyo yafooka ndi ludzu. Nkhono zokha ndi zimene zimakonda kubisala m'menemo nthawi ya mvula, ndiye m'dzinja chepetsani udzu pa mabedi a letesi ndi chayinizi.

Chachinayi: udzu, dziwani wodya ndi wozula

Sikuti chilichonse chomera chokha ndi mdani. Bonongwe, chisoso, luni ndi mwamunaaligone ndi ndiwo, ndipo agogo athu ankazifutsa kuti adzadye m'chilimwe. Ine ndimazisiya m'mphepete, ndi kuthyola nsonga zisanachite maluwa. Chisoso chikangoyamba kumata pa buluku ndiye kuti mwachisiya nthawi yaitali.

Lamulo la kupalira ndi limodzi: palirani udzu uli ndi masamba awiri kapena atatu, m'mawa wa tsiku la dzuwa, khasu likungopala pamwamba. Pofika masana wauma. Mukamakumba mozama mumatulutsa njere zina zimene zinagona pansi, ndipo sabata yamawa mubwereranso.

Dawe ndi kapinga wolowerera m'mabedi safuna khasu lodula, chifukwa kachidutswa kalikonse kamaphukanso. Dikirani dothi lifewe, tipulani ndi foloko kapena khasu la mano, tolani timbatata ndi mizu ndi manja. Pamene dawe wachulukitsa, dzalanipo mbewu yoyanga yophimba nthaka, monga mbatata ya kholowa, maungu kapena kalongonda, chifukwa dawe sapirira mthunzi.

Kaufiti ndi nkhani ina. Amene ali ndi chimanga m'munsi mwa Ntcheu amamudziwa bwino, timaluwa take tofiira tokongola pamene chimanga chapinimbira. Amayamwa pa mizu ya chimanga asanatulukire n'komwe kunja, ndipo njere zake zing'onozing'ono ngati fumbi zimakhala m'nthaka zaka zoposa khumi. Muzuleni asanachite maluwa, mutulutseni m'munda, mumuotche. Amakonda nthaka yoguga, ndiye manyowa ndi mankhwala ake enieni, pamodzi ndi kasinthasintha wa soya, mtedza ndi nandolo.

Chachisanu: yenderani dimba m'mawa uliwonse, mukutembenuza masamba

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse yolimbana ndi tizilombo. Mankhwala a zitsamba ndi ofooka poyerekeza ndi a m'sitolo, amagwira tizilombo tikadali tating'ono ndi tochepa. Mukapeza kabichi atasanduka sefa, palibe tsamba limene lingamubwezeretse.

Nsabwe za m'masamba zimayambira kunsi kwa tsamba ndi ku nsonga za mpiru ndi repu, makamaka nyengo youma. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, tsatirani, mupeza nsabwe. Zikakhala zochepa zitikiteni ndi chala kapena thyolani tsambalo. Zikachuluka, sungunulani sopo wa mtanda wochapira, kachidutswa ngati bokosi la machesi, m'malita asanu a madzi, ndipo muwaze kunsi kwa masamba madzulo. Sopo wa ufa musagwiritse ntchito, amawaula masamba. Tikumbu tofiira ta madontho akuda tija musatiphe, chakudya chake ndi nsabwe zomwezo. Ndimasiya dala koriyanda ndi mpiru pang'ono kuti zichite maluwa, chifukwa maluwawo amaitana timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi mwa mbozi.

Mbozi zodula mbande zimagwira ntchito usiku. M'mawa mukapeza mbande yagwa ngati yadulidwa ndi lezala, fukulani ndi chala pafupi ndi tsinde, muipeza yadzipinda, ndiye nkhuku zidye. Powokera, zikani kamtengo kowonda mogundana ndi tsinde kapena vekani mbande kakolala kodula ku botolo la pulasitiki.

Tsopano ombwe, amene ena amati mthuthu. Chitsamba chimenechi chimakula bwino kuno ndipo chimawonjezeranso chonde m'nthaka, ndiye dzalani mzere umodzi m'malire a dimba. Kapangidwe kanga ndi aka. Thyolani masamba okwana kilogalamu imodzi, muwasinje mu mtondo umene simusinjiramo chakudya. Aviikeni m'malita asanu a madzi ozizira, muikemo kachidutswa ka sopo, muvundikire usiku wonse. Mawa lake sefani ndi nsalu kawiri kuti sipuleya isatseke. Amene alibe sipuleya awaze ndi katsache. Wazani madzulo dzuwa litapendeka, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya ombwe msanga, komanso njuchi zimakhala zitabwerera. Bwerezani sabata iliyonse pamene vuto lilipo, ndipo musasunge otsala.

Koma chenjerani. Ombwe ndi yemwe uja anthu ankaphera nsomba m'maiwe. Kukhala chitsamba sikutanthauza kuti ndi wosaopsa. Musatsukire ndowa mu mtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba, valani pulasitiki m'manja, ana asayandikire, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo, mukathyola muzitsuke bwino. Nimu amagwiranso ntchito chimodzimodzi, makamaka njere zake, koma kuno kozizira sakula bwino. Ngati muli ndi abale ku Golomoti kapena ku Bwanje, apempheni akuumitsireni pa mthunzi. Tsabola wa kambuzi wosinja pamodzi ndi adyo amathamangitsa tizilombo tina, koma samalani maso. Madzi a fodya okha ndimakaniza. Ndi poizoni kwa munthu, ndipo fodya amatha kupatsira tomato matenda a mawangamawanga.

Ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zowononga chimanga, zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi zimenezi. Pa chimanga cha m'dimba, chimene sichichuluka, manja amakwanira. Kawiri pa sabata yang'anani mazira ake, amene amaunjikana pa tsamba ataphimbidwa ndi tiubweya, muwaphwanye. Mukaona timabowo ndi zitosi ngati utuchi pa nsonga, tsinani dothi louma kapena mchenga wosakaniza ndi phulusa pang'ono muthire m'kati mwa nsongayo. Ena amawaza msuzi wa usipa kapena madzi a shuga kuti nyerere zibwere zidzagwire mbozi, ndipo ndinaona ndi maso anga nyerere zikukoka mbozi kutsika nayo pa phesi.

Chachisanu ndi chimodzi: matenda, pamene zitsamba zimalephera

Ndisakunamizeni. Chiwawu cha tomato ndi mbatatesi, chimene chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo, sichimva ombwe kapena tsabola. Chikagwa pa Tsangano kapena kuno ku Bembeke mu Febuluwale, munda wobiriwira umada m'sabata imodzi. Chimene mungachite ndi kuchizemba. Tomato wa pakhomo mulimeni m'chilimwe. Mukafuna wa dzinja, mangani kadenga ka pulasitiki kuti masamba asanyowe. Dzalani motalikirana, mangirirani ku mitengo, sadzani masamba a m'munsi, thirirani pansi osati pamasamba, ndipo tsamba loyamba kuda lichoke tsiku lomwelo. Amene amalima maekala a mbatatesi ogulitsa m'dzinja akambirane ndi alangizi za mbewu zopirira, ine malangizo anga ndi a dimba la pakhomo.

Tomato kapena mbatatesi ikangofota yobiriwira pamene nthaka ili yonyowa, dulani tsinde muviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timadzi toyera ngati mkaka tikutsika ngati ulusi, ndi nthenda ya bakiteriya yokhala m'nthaka. Zulani mbewuyo ndi dothi lake, muotche, ndipo pa bedi limenelo pasabwerenso tomato, mbatatesi, tsabola, mabilinganya kapena fodya kwa zaka zitatu kapena zinayi, chifukwa zonsezi ndi banja limodzi. N'chifukwa chake ine ndinagawa mabedi anga m'magulu anayi. Pamene panali nyemba kapena nsawawa pamabwera kabichi ndi mpiru, pakachoka kabichi pamabwera tomato, pakachoka tomato pamabwera anyezi ndi karoti, kenako nyemba zibwererenso. Ndinalemba ndi makala pa khoma la khitchini chifukwa mutu umaiwala.

Mbewu zikaoneka zachikasu pakati pa ulendo, zipatseni manyowa amadzi. Ikani ndowe kapena masamba a deliya oduladula m'thumba, mulimangirire pa ndodo, lilendewere mu mgolo wa madzi kwa milungu iwiri, mukuligwedeza masiku ena. Sungunulani ndi madzi ena mpaka mtundu ukhale ngati tiyi wopepuka, muthire pa dothi mozungulira mbewu. Fungo lake mayi a kunyumba sakondwera nalo, ndiye mgolowo ukhale kutali ndi khonde, ndipo muuvundikire kuopa udzudzu.

Kapinga wa pabwalo

Uyu safuna zambiri. Cholakwa chachikulu ndi kumumweta mpaka dothi lioneke, poganiza kuti tichedwa kumwetanso. Kapinga wometedwa mpala amapsa ndi dzuwa ndi chisanu, ndipo m'mipata yake ndi momwe mumalowa udzu wachilendo. Msiyeni atalike ngati zala zitatu kapena zinayi, nolani chikwakwa kuti chizidula osati kukhadzula, ndipo zomwetazo zikakhala zochepa zisiyeni pomwepo ziwolerane. Zikachuluka zipite pa mulu wa manyowa, bola zikhale masamba okha opanda mizu.

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, boolani bwalo lonse ndi foloko, makamaka m'mene ana amasewera mpira, kenako mwazani manyowa osefa pang'ono ndi kuwasesera m'mabowomo ndi tsache. Pamene pali dazi, tipulani, thirani manyowa, dzalani timizere ta kapinga wodula m'mphepete, mupondereze ndi phazi ndipo mutchingepo ndi minga kwa milungu itatu. Udzu wa masamba aakulu uzuleni ndi mpeni wakale dothi likadali lofewa. Mu Julayi ndi Ogasiti kapinga amachita khaki, ena amada nkhawa n'kumathira madzi a pa mpopi, koma mizu ili moyo ndipo adzaphuka yekha. Madzi otsukira mbale ndi ochapira, ngati m'madzimo mulibe mankhwala oyeretsera zovala, ndimathira pa kachigawo ka pafupi ndi khonde pokha pamene timakhala ndi alendo.

Pakati pa kapinga ndi mabedi kumbani kangalande kozama ngati khasu limodzi, ndipo mwezi uliwonse muzidula mphukira zimene zikufuna kuwoloka. Ine ndimachita zimenezi Loweruka loyamba la mwezi, ndisanapite kumsika.